Mthunzi wa pa msewu wathu ku Balaka

Aliyense amene anakhalako ku Balaka m'mwezi wa Okutobala amadziwa kuti dzuwa la kuno silinyengerera munthu. Ikamakwana 10 koloko m'mawa fumbi la mumsewu limakhala litayamba kale kuotcha mapazi, ndipo pofika masana ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, kufunafuna pobisala. Ine ndinabadwira kuno, ndinachokako zaka zingapo chifukwa cha ntchito, ndipo nditabwerera kudzakhazikika, chimene chinandigwira mtima koyamba sichinali nyumba zatsopano kapena kuchuluka kwa njinga zamoto. Anali mayi wina wogulitsa zitumbuwa pa msewu wathu wafumbi, umene umapatuka pa msewu waukulu wa ku Liwonde n'kulowera kumene kuli sukulu ya pulayimale. Mayiyo ankakhala mumthunzi wa polo ya magetsi, mthunzi woonda ngati mkono wa mwana, ndipo dzuwa likamasendera, nawonso ankakoka beseni lawo pang'onopang'ono kutsatira kamzere kakudako.

Tsiku lina ndinaima n'kuwafunsa kuti, "Mayi, bwanji osakakhala pakhonde la golosale apo?" Iwo anandiyankha mofatsa kuti, "Achimwene, khonde lili ndi eni ake, ndipo ondigula ine ndi ana a sukulu amene amadutsa pompano. Ndikachoka pano ndadya chiyani?" Ndinagula zitumbuwa ziwiri n'kumapita, koma mawuwo anandikhala m'mutu masiku ambiri.

Msewu umenewu sunali wambee chikhalire. Ndili mwana, mbali zonse ziwiri kunali malaina ndi keshya, ndipo akuluakulu ankatiuza kuti yambiri mwa mitengoyo inabzalidwa ndi ana a sukulu pa tsiku lobzala mitengo, limene boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa m'chaka cha 1976 ndipo linkachitika mu Januwale. Ndimakumbukira fungo la zipatso za malaina zikagwa n'kuyamba kuola, mbuzi zikulimbirana pansi pake, ife tikuchokera kusukulu osamva kutentha chifukwa njira yonse tinkayenda mumthunzi. Palibe tsiku limene munthu angaloze kuti mitengoyo inatha tsiku lakuti. Inapita umodziumodzi. Wina unagwetsedwa kuti ukaotche njerwa, wina unathera pa maliro nkhuni zitasowa, wina unadulidwa chifukwa nthambi zake zinafika pa mawaya a magetsi, ndipo wina unangochotsedwa kuti pamalopo pamangidwe okala. Balaka itakhala boma palokha m'chaka cha 1998, pochoka ku Machinga, anthu anachuluka m'tawuni, nyumba za njerwa zootcha zinachulukanso, ndipo uvuni uliwonse wa njerwa unkadya mitengo yake. Sindiloza munthu chala pa nkhani imeneyi, pakuti nyumba imene ndikukhalamo inenso ndi ya njerwa zootcha, ndipo nkhuni zake sizinagwe kumwamba.

Nditayamba kuikamba nkhaniyi ndi anzanga a m'dera, ndinapeza kuti ambiri inkawapweteka mofanana, kungoti aliyense ankadikira wina kuti ayambe. Tinapita kwa a mfumu, a mfumu anamema msonkhano, ndipo tinasankha komiti. Tinapempha mbande kwa anthu ofuna kwabwino, ndipo zinafika 100, koma zinafika mochedwa, mwezi wa Malichi uli pakati. M'dziko muno nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo, choncho tinadzilimbitsa mtima kuti tikadali m'nyengo yake. Tsiku lobzala linali losangalatsa kwambiri. Amayi anaimba, ana a sukulu anabwera ndi makasu, alendo anayankhula, ndipo mafoni anajambula zithunzi zambiri zimene zinayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook mpaka kwa abale athu a ku Johannesburg. Madzulo a tsikulo ndinagona mtima uli mbee, ndikuona ngati ntchito tagwira.

Pofika mu Okutobala chaka chomwecho ndinayenda msewu wonse ndikuwerenga, ndipo ndinapeza mitengo 7 yokha ili moyo. Ina inauma chifukwa mvula inaleka mizu isanazike, ina inadyedwa ndi mbuzi mpaka pa tsinde, ina inaguguditsidwa ndi chiswe, ndipo ina inapondedwa ndi ngolo ndi magalimoto amchenga. Nditafukula ingapo youma ndinapeza kuti inakwiriridwa pamodzi ndi machubu ake apulasitiki, mizu itapiringizana m'kati ngati ulusi. Koma chimene chinandiwawa kuposa zonsezi ndi yankho la mnyamata wina amene ndinamufunsa chifukwa chake sanathirire kamtengo kamene kanali pakhomo penipeni pa shopu yake. Iye anati, "Bwana, ndimayesa ndi ya boma imeneyi." Mawu akuti "za boma" tonse timawadziwa tanthauzo lake. Chinthu chikangotchedwa cha boma, ndiye kuti ndi cha aliyense pochigwiritsa ntchito, koma si cha munthu aliyense pochisamala. Mnyamatayo sanalakwe kwenikweni, chifukwa ife tinabwera ndi nyimbo ndi alendo, tinakumba pakhomo pake osamupempha, n'kuchoka osamuuza kanthu.

Amene anatitsegula maso anali gogo wina wa m'dera lathu amene pa unyamata wake anagwirapo ntchito ya zankhalango. Pa msonkhano wotsatira, pamene ena ankati tipemphe mbande zina zochuluka kuposa zoyamba zija, gogoyo anakweza dzanja n'kunena kuti, "Ana anga, musanandiuze kuti mubzala mitengo ingati, ndiuzeni kuti mu Okutobala adzatunge madzi ndani." Pabwalo panali zii. Kenaka anatilangiza kuti tisakumbe dzenje ngakhale limodzi pamalo pamene palibe munthu wovomera ndi pakamwa pake kuti mtengowo ndi wake, ndipo kuti dzina la munthuyo lilembedwe m'kope la komiti pafupi ndi nambala ya mtengo.

Kuyenda khomo ndi khomo kunatitengera miyezi iwiri, ndipo kumeneko n'kumene ndinaphunzira kuti anthu amene amakana mitengo nthawi zambiri amakhala ndi zifukwa zimene sitinadzipatse mpata wozimva. Bambo wina anati mizu idzang'amba maziko a nyumba yake, ndipo ankanena zoona, chifukwa mtengo ngati kachere kapena bulugama ukabzalidwa pafupi ndi khoma kapena chimbudzi umaononga ndithu. Mwini golosale ankaopa kuti masamba adzaphimba chikwangwani chake. Mayi wina wamasiye anati mtengo waukulu umaitana kadzidzi ndipo usiku umabisa akuba. Koma mantha aakulu, amene ambiri sankawatchula poyera, anali a malo. Kwathu kuno kubzala mtengo n'chimodzimodzi kuika malire, ndipo munthu akaona anthu a komiti akukumba kutsogolo kwa puloti yake amayamba kuganiza kuti mawa adzamva zoti malowo si akenso. Zinatheka pamene a mfumu anaima pagulu n'kunena momveka kuti mtengo wa m'mbali mwa msewu susuntha malire a munthu, ndipo kuti amene ausamala ndiye adzadye zipatso zake ndi kutenga nthambi zimene zidzasadzidwe. Pamapeto pake anthu 64 anavomera, ndiye tinagwirizana kuti tibzala mitengo 64 basi. Pamene panalibe wovomera tinasiya pambalambanda, ngakhale kuti ena m'komiti zinkawanyansa kuona mzere wa mitengo wokhala ndi magweru.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti amene anavomera msanga sanali eni nyumba ayi, koma anthu amene amaswera pamsewupo: akabaza a pa siteji, telala amene amasokera pakhonde, wowotcha chimanga, wokonza njinga, ndi mayi wa zitumbuwa uja. Munthu amene amachoka m'mawa kupita kuofesi n'kubwera dzuwa litapendeka amaona mtengo ngati chokongoletsa, pamene amene dzuwa limamuthera pamutu tsiku lonse amauona ngati denga.

Nkhani yosankha mitundu ya mitengo inatenga nthawi yaitali, ndipo panali kukangana kwabwino. Ena ankafuna jakaranda, chifukwa anaona mmene misewu ina ya ku Blantyre imakongolera ndi maluwa ake chilimwe chikafika pachimake. Ena ankafuna mbawa ngati zija zikuluzikulu za ku Zomba. Gogo uja anatikumbutsa kuti Zomba ili patsinde pa phiri ndipo imalandira mvula yambiri, pamene kuno n'kotentha ndiponso kouma, choncho mbawa tiziike kumunsi kokha kumene madzi amakhalitsa m'nthaka. Bulugama tinamukana tonse chifukwa amamwa madzi kwambiri, chiswe chimamukonda akadali wamng'ono, ndipo nthambi zake zimathyoka ndi mphepo. Tinakhazikika pa nimu, mtengo umene unachokera ku India koma unazolowera madera otentha a dziko lino ngati kwawo, umene umakhala ndi masamba ngakhale pamene mitengo ina yayoyola. Tinaonjezera keshya chifukwa mbuzi sizimukonda kwenikweni, msikidzi chifukwa cha mthunzi wake wandiweyani, mtangatanga pang'ono, ndi bwemba ndi mango kwa amene anapempha mitengo ya zipatso. Pansi pa mawaya a magetsi sitinabzale mtengo wotalika, ndipo paliponse tinatalikira ngalande ndi mapaipi a madzi.

Ulendo uno mbande sitinapemphe kwa munthu. Tinakonza nazale yathu kuseli kwa nyumba ya gogoyo, pansi pa chisakasa cha udzu, ndipo machubu ena tinagula, ena tinapanga ndi mapepala a shuga. Njere za keshya ndi mtangatanga tinkaziviika m'madzi otentha kuti khungu lake lolimba lifewe, pamene za nimu ndi msikidzi tinkafesa zikangotoledwa, chifukwa zimenezi zikakhalitsa sizimera. Amene akufuna mbewu yodalirika ya mitundu ina angathe kuipeza ku bungwe lofufuza za nkhalango la Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba, koma ife zambiri tinatola pansi pa mitengo ya m'dera lomweli, poganiza kuti mtengo umene wapirira dzuwa la Balaka ana akenso adzapirira. Milungu ingapo tisanabzale tinachepetsa kuthirira ndi kuchotsa udzu wina pa chisakasa kuti mbande zikhwime, zizolowere dzuwa zisanapite kumsewu.

Maenje tinakumbiratu mvula isanagwe, akuya kufika m'bondo, dothi lapamwamba tikuika pambali kuti tidzalisakanize ndi manyowa owolerana. Tinabzala kumayambiriro kwa Januwale 2024, nthaka itanyowa bwino. Panalibe mlendo wolemekezeka, panalibe zoyankhulayankhula. Aliyense anabzala mtengo wake ndi manja ake, gogo akuyenda ndi ndodo yake kuonetsetsa kuti chubu chang'ambidwa, kuti mbande siinamire kupitirira pamene inalekezera m'chubu, ndi kuti dothi latsenderedwa bwino. Mayi wa zitumbuwa anasankha msikidzi, ndipo anapempha kuti ubzalidwe kumadzulo kwa pamene amakhala, popeza dzuwa limene limawavuta kwambiri ndi la masana kupita kumadzulo, nthawi imene ana akuweruka.

Chaka chimenecho chinali chovuta kwa dziko lonse. Mu Febuluwale mvula inadula chifukwa cha kusokonekera kwa nyengo kotchedwa El Niño, chimanga chinafota m'minda chikumasula, ndipo mu Malichi Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'ngozi ya chilala. Kupempha munthu amene munda wake ukuuma kuti atunge madzi a mtengo wa mumsewu si chinthu chapafupi, ndipo ine ndinachita manyazi kangapo poyenda ndi kope lija. Madzi ku Balaka ndi nkhani yakale. Ambiri tikukumbukira mmene midzi ya kuno inavutikira pamene damu la Mpira ku Ntcheu linauma, mitengo ya kumtunda kwake itatha ndipo dothi litadzaza m'damumo. Pa mjigo pamakhala mzere kuyambira m'bandakucha, ndipo mijigo ina madzi ake ndi amchere. Choncho sitinauze munthu kuti azitunga ndowa yapadera. Tinagwirizana kuti madzi otsukira mbale, otsukulutsira zovala ndi osambira, amene masiku onse amangotayidwa pabwalo, azipita pa mtengo. Telala uja anayambitsa nzeru ina imene tonse tinatengera: ankatenga botolo lapulasitiki la malita awiri, kuboola timabowo pa chitsekero, n'kulikwirira chozondotsa pafupi ndi tsinde, kuti madzi azidontha pang'onopang'ono kumizu m'malo mouma pamwamba. Tinkaphimbiranso ndi udzu mozungulira, koma osagunditsa udzuwo ku tsinde kuopa kuitana chiswe, ndipo pamene chiswe chaonekera tinkathira phulusa.

Mdani wamkulu anafika anthu atakolola. M'nyengo ya mvula mbuzi zimakhala pa chingwe chifukwa cha mbewu za m'minda, koma zokolola zikangolowa m'nyumba zimatayiriridwa, ndipo pofika mu Ogasiti chilichonse chobiriwira chimakhala chakudya chawo, ngakhale nimu wowawa yemwe. Ena anamanga timipanda ta njerwa tosanja mosiya mipata, ena analuka nsungwi ngati kankhokwe, ndipo amene analibe zonsezi anazungulitsa minga ya masawu ndi ya mthethe. Mipanda ya nsungwi ingapo inabedwa usiku n'kukasanduka nkhuni, moti pamapeto pake minga ndi imene inapambana, chifukwa palibe wakuba amene amaifuna. Mbuzi za bambo wina zitathyola mpanda n'kudya mitengo itatu, nkhani inafika kwa a mfumu, ndipo ambiri ankayembekezera chindapusa cha ndalama. A mfumu anagamula mwina. Anati, "Bambo, mbuzi n'zanu, ndipo mitengo itatu imeneyi kuyambira lero ndi yanunso. Mukatenge mbande ku nazale mvula ikagwa, mubzale, mumange mipanda, muzithirira mpaka italike kuposa mbuzi zanuzo." Bamboyo anachoka pabwalo nkhope itagwa, koma lero mitengo yake ili m'gulu la yosamalika bwino kwambiri pa msewu wonse.

Panali zina zimene sitinaziganizire. Ana osaka mbewa anayatsa tchire kumapeto kwa msewu ndipo moto unawaula mitengo inayi, zimene zinatiphunzitsa kulambula mozungulira mtengo uliwonse udzu ukangoyamba kuuma. Nimu wina, amene anali atakula bwino kuposa anzake, tinamupeza m'mawa atasendedwa khungwa kuzungulira thunthu lonse ndi munthu wofuna mankhwala. Mtengo ukasendedwa chotero sukhalanso, chifukwa chakudya chochokera kumasamba chimatsikira kumizu kudzera m'kati mwa khungwa momwemo. Mwini wake, wokonza njinga uja, anakhala chete tsiku lonse ngati waferedwa. Pa msonkhano tinapempha anthu kuti wofuna mankhwala azipempha masamba masana, ndipo palibe amene adzamukaniza. Gogo anatiphunzitsanso kusadza tinthambi ta m'munsi ndi mpeni wakuthwa kuti mtengo ukwere ndi thunthu limodzi, usadzatchinge njira kapena chikwangwani cha golosale, akutikumbutsa kuti kuongola mtengo m'poyamba.

Chaka chilichonse nyengo yobzala ikatsegulidwa timamva pa wailesi za mitengo mamiliyoni imene ibzalidwe, ndipo dziko lathu linalonjeza m'chaka cha 2016 kuti pofika 2030 lidzakhala litabwezeretsa chilengedwe pa mahekitala 4.5 miliyoni. Lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 kuti zilango za odula mitengo ndi ootcha makala popanda chilolezo zikhwime. Zonsezi ndimazivomereza, koma zimene ndinaona pa msewu wathu zinandisiya ndi maganizo akuti timawerenga mitengo pa nthawi yolakwika. Mu Januwale mbande iliyonse imaoneka yamoyo, ndipo chiwerengero chimakoma m'makutu. Ndikanakonda makhonsolo, masukulu, mipingo ndi mizikiti, pamodzi ndi mabungwe amene amagawa mbande, azibwerera mu Okutobala kudzawerenga yotsala, ndipo ndalama zina zimene zimathera pa mahema ndi zakumwa za tsiku lobzala zizigulira makheni, mawilibala ndi zomangira mipanda. Komanso m'matawuni ang'onoang'ono ngati athu, pamene pulani ya misewu ikujambulidwa, malo a mtengo azisiyidwa monga mmene amasiyira malo a ngalande, chifukwa puloti zikangodzaza mpaka m'mphepete mwa msewu, dzenje silipezekanso pokumba.

Pamene ndikulemba pano, mitengo yathu yaona chilimwe kawiri. Mwa 64 ija, 49 ndi yomweija tinabzala poyamba, ndipo pamene inafa tinabwezeretsa ina. Nimu ambiri anditalikira kale, ndipo akabaza aika benchi pansi pa keshya wawo, ngakhale mthunzi wake umakwana anthu awiri okha. Gogo uja maso ayamba kumuvuta ndipo safikanso kumapeto kwa msewu, choncho nazale akuyendetsa ndi atsikana awiri amene anamaliza Fomu 4, omwe tsopano amagulitsako mbande kwa anthu a misewu ina. Ena mwa amene anakana poyamba abwera okha kudzalembetsa, kuphatikizapo mwini golosale, koma pa kona ya pafupi ndi kamlatho pakadali pambalambanda, chifukwa mwini puloti amakhala kutali ndipo alendi ake amasinthasintha.

Msikidzi wa mayi wa zitumbuwa ukukula modekha, monga mwa chikhalidwe chake. Sabata yatha ndinawapeza ataika beseni mumthunzi wa kamtengoko, iwo eni atakhala padzuwa atafunda chitenje kumutu. Nditawafunsa chifukwa chake, anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, mthunzi ukadali wa munthu mmodzi, ndiye ndayamba ndapatsa zitumbuwa kuti zisachite thukuta. Chaka chamawa tikwanamo tonse." Kenaka anandipempha kuti ndilembe m'kope dzina la mwana wawo wamkazi, amene wayamba kugulitsa tomato tsidya lina la msewu, kuti mvula ikagwa apatsidwe mbande yake, ndipo anandiuza kuti dzenje akumba kale.